Mafunso ndi mayankho: kuunika autism ndi ADHD mosanyoza munthu, kuyambira ana mpaka akuluakulu

Ndimakhala pa Dedza boma, ndipo ndine mayi wa mnyamata wa zaka 11 amene ali ndi autism komanso ADHD. Makolo angapo a ana otere timakumana Loweruka lomaliza la mwezi. Ena amachokera ku Linthipe, ena ku Bembeke, mmodzi amakwera minibasi kuchokera ku Lizulu. Watsopano aliyense amafika ndi mafunso omwewo amene ine ndinali nawo, ndipo ambiri amafika atatopa kale ndi pakamwa pa anthu. Mafunsowo ndawasonkhanitsa pano. Ndayankha ngati kholo limene linakayezetsa mwana kawiri: ulendo woyamba ndinabwerako ndikulira, wachiwiri ndinabwerako ndikumudziwa bwino mwana wanga.

Kodi autism ndi ADHD n'chiyani? Ndi misala?

Si misala, si matenda opatsirana, ndiponso si kulekerera kwa makolo. Ndi mmene ubongo wa munthu unaumbikira pamene unkakula. Munthu wa autism amamva zinthu, amaziona ndiponso amacheza ndi anthu mosiyana ndi ambiri a ife. Wina salankhula n'komwe, wina amalankhula bwino kwambiri koma nkhani yake imakhala imodzimodzi. Wina phokoso la chigayo limamubaya m'makutu, wina sangavale juzi yaubweya ngakhale kuzizire chotani mu June kuno ku Dedza. Ambiri mtima umakhala m'malo zinthu zikamachitika mofanana tsiku ndi tsiku.

ADHD imakhudza kuwongolera chidwi ndi kudzigwira. Chidwi amakhala nacho ndithu, koma sichipita kumene mwachituma. Mumamutuma mchere pa golosale, iye n'kubwera ndi nkhani ya galu amene wakumana naye, ndalama ili chigwirire m'manja.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 ali ndi autism, ndipo kafukufuku wa m'maiko ambiri amapeza ADHD mwa ana pafupifupi 5 pa 100. Ganizirani kalasi ya Sitandade 2 pa sukulu ya kwanuko. Ana amenewa alimo. Munthu mmodzi angathe kukhala ndi zonse ziwiri, ngakhale kuti chisanafike chaka cha 2013 buku la madokotala a ku America lotchedwa DSM silinkalola kuti mayina awiriwa alembedwe pa munthu mmodzi.

Nanga akamati kuunika kwa neuroaffirming akutanthauza chiyani?

Mawuwa alibe Chichewa chokhazikika. Ine ndimangoti kuunika kolemekeza ubongo wa munthu mmene ulili. Maganizo ake anachokera kwa anthu a autism eniake amene ankalemberana pa intaneti cha m'ma 1990, ndipo Judy Singer wa ku Australia analemba za mawu akuti neurodiversity mu 1998. Mfundo yake ndi yakuti ubongo wa anthu sufanana, monga mmene misinkhu ndi mawu athu sizifanana, choncho woyeza asamangofufuza chimene chawonongeka ayi, koma afufuze mmene munthuyo amaganizira, chimene chimamulemera ndi chimene chimamupeputsa.

Kusiyana kwake ndinakuona ndi maso anga. Ulendo woyamba, kumalo kwina, mwana wanga ali ndi zaka 5, woyeza sanamupatse ngakhale moni. Anandifunsa mafunso mwanayo ali chiimire pambali panga: satha chakuti? satha chakuti? Mwana atayamba kukupiza manja, anamugwira mikono n'kuitsitsa, nati, “Mayi, kunyumba muzimuletsa zimenezi.” Anandipatsa kapepala ka mizere itatu, yonse yoyamba ndi mawu akuti alephera.

Ulendo wachiwiri, patapita chaka, tinapeza mayi wina wodekha. Mwana wanga amayenda ndi zitsekerero za mabotolo m'thumba, ndipo titangolowa anakhala pansi n'kuyamba kuzindandalika: zofiira pazokha, zobiriwira pazokha. Ndinachita manyazi, ndinafuna kumudzutsa. Adokotalawo anandikodola kuti ndimusiye. Anatsika pampando, anakhala pasimenti pambali pake, osati kutsogolo kwake, n'kutola chitsekerero chimodzi chimene chinagubuduka. Anangochigwira osanena kanthu. Patapita kanthawi mwanayo anatambasula dzanja osawayang'ana, iwo n'kumupatsa. Kenako anatola china n'kuchiika pa mzere wolakwika dala. Iye anachichotsa n'kunena kuti, “Ayi, apa.” Kuyeza kunali kutayamba kale, ine osadziwa. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pofunsa ine, mafunso awo anali akuti: amasangalala ndi chiyani? Akakwiya chimamutonthoza n'chiyani? Akakupiza manja amakhala atakondwa kapena atapanikizika? Funso lomalizali palibe anali atandifunsapo, ndipo nditaganiza ndinapeza kuti yankho ndimalidziwa.

Kodi kumeneku si kungotisangalatsa ndi mawu okoma pamene vuto lilipo?

Ayi, ndipo woyeza amene angakuuzeni kuti zonse zili bwino pamene inu simugona wakulakwirani. Mwana wothawira mu msewu wa M1, wodziluma mpaka magazi, wodya zakudya ziwiri zokha, ameneyo akufunika thandizo lenileni, ndipo lipoti liyenera kunena zimenezi mosabisa. Miyezo imene amagwiritsa ntchito ndi yomweyo ya m'buku la DSM-5 kapena la ICD-11 la WHO, limene linayamba kugwira ntchito mu 2022. Chimene chimasintha ndi funso. M'malo mofunsa kuti timusinthe bwanji kuti afanane ndi anzake, amafunsa kuti n'chiyani chikumupweteka, ndipo tisinthe chiyani pakhomo, kusukulu kapena kuntchito kuti apume.

Mu 2012 Damian Milton, katswiri wa ku Britain amene iyenso ali ndi autism, anafotokoza kuti kusamvana pakati pa munthu wa autism ndi ena kumachokera mbali zonse ziwiri. Iye satimvetsa ife, ifenso sitimumvetsa iye. Ine mfundo imeneyi inandimasula kwambiri, chifukwa ndinasiya kudikira kuti mwana yekha ndiye awoloke mtsinje kubwera kwa ine.

Ndingadziwe bwanji kuti nthawi yokayezetsa yakwana?

Mtima ukakayika, pitani. Kwa ana aang'ono, yang'anani izi: akafika chaka satembenuka mukamuitana dzina, akafika chaka ndi theka saloza ndi chala kuti akuonetseni chinthu, monga ndege kapena mbuzi, akafika zaka ziwiri salumikiza mawu awiri, kapena anali atayamba kulankhula kenako mawu aja n'kuzimiririka. Autism imatha kuzindikirika bwinobwino mwana ali ndi zaka ziwiri. Pali mafunso 20 otchedwa M-CHAT-R amene amafunsa makolo a ana a miyezi 16 mpaka 30. Amenewa amangosefa kuti aone amene akufunika kuunikidwa mozama, sapereka yankho lomaliza.

ADHD nthawi zambiri imaonekera bwino mwana akayamba sukulu, ndipo madokotala safulumira kuitchula mwana asanakwanitse zaka 4 kapena 5, poti pa msinkhu umenewo kuthamangathamanga ndi kwa ana onse.

Anthu adzakuuzani kuti ana aamuna amachedwa kulankhula, kapena kuti atate ake analankhulanso mochedwa. Mwina n'zoona. Koma kukayezetsa sikumuchotsera kanthu mwana, pamene kudikira zaka zitatu kumamuchotsera zambiri.

Kuno ku Dedza kapena ku Ntcheu ndiyambire pati?

Yambirani pafupi. Kusikelo uzani namwino kapena mlangizi wa zaumoyo, ndipo pemphani kuti alembe nkhawa yanuyo m'buku la kuchipatala la mwana. Kuchokera pa chipatala chaching'ono angakutumizeni ku chipatala cha boma cha Dedza kapena cha Ntcheu, kumene mungafunse za kiliniki ya ana kapena ya za maganizo. Akaona kuti pakufunika akatswiri, kalata imapita ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. A St John of God ali ndi malo ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo amagwira ntchito za maganizo komanso za ana amene akukula mosiyana ndi anzawo. Chipatala chachikulu cha boma cha za maganizo chili ku Zomba, koma kutumizidwa ku kiliniki ya za maganizo sikutanthauza kuti mwana wanu akukagonekedwa kumeneko. Makolo ambiri amathawa ndi kalata m'manja chifukwa cha mantha amenewa.

Akatswiri m'dziko muno ndi ochepa, choncho kudikira kulipo ndipo ndalama ya transipoti imapweteka. Musananyamuke, fufuzani tsiku limene kiliniki imakhalapo. Kuchokera pa boma pano kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 80, si mtunda woti mukabwerere pa geti. Ngati ndi malo olipira, funsani mtengo wonse poyamba, kuphatikizapo wa lipoti. Safunsa anadya phula.

Nditenge chiyani popita?

Buku la kuchipatala, ngakhale lakale long'ambika lija, chifukwa muli sikelo ya kubadwa ndi matenda onse amene anadwalapo. Makope a kusukulu ndi masukulu lipoti. Kalata yaifupi ya aphunzitsi, kapena ya alezi a kumkombaphala. Ngati muli ndi foni yojambula, tengani mavidiyo aafupi a mwana akusewera, akudya, ali ndi anzake. Musamujambule pa nthawi yovuta yokha, ndipo mavidiyowo musawatumize m'magulu a WhatsApp.

Tengani munthu amene anamulera ali wakhanda. Kwathu kuno nthawi zambiri ndi agogo kapena azakhali, ndipo amakumbukira zimene mayi wotanganidwa anaziiwala. Amayi anga ndi amene anakumbutsa kuti mwana wanga ali wakhanda sankafuna kuberekedwa kumbuyo, ankalimbitsa thupi ngati thabwa. Tenganinso chakudya chimene amadya ndi chinthu chake chimene amachikonda.

Tsikulo chimachitika n'chiyani? Amubaya jakisoni?

Palibe magazi kapena sikani imene imaonetsa autism kapena ADHD. Kuyeza kwake ndi kucheza, kufunsa ndi kupenyetsetsa. Gawo lalikulu ndi mbiri: mimba inayenda bwanji, anabadwa bwanji, analira atangobadwa, anakhala, anakwawa ndi kulankhula liti, amagona bwanji, kubanja kuli ena ofanana naye. Kucheza kumeneku kungatenge ola limodzi kapena awiri. Kenako amacheza ndi mwini wakeyo, mwa masewera ngati ndi mwana, mwa kukambirana ngati ndi wamkulu. Amapimanso thupi, maso ndi makutu, ndipo nthawi zina kaganizidwe ndi chilankhulo.

Mungamve mayina a zida ngati ADOS-2, imene ndi masewera ndi zokambirana zokonzedwa mwadongosolo, kapena ADI-R, mafunso aatali a makolo, kapena mafomu a Conners ndi Vanderbilt amene amadzaza makolo ndi aphunzitsi pa nkhani ya ADHD. Zina mwa zida zimenezi n'zodula ndipo zimafuna maphunziro apadera, choncho musadabwe mukapanda kuziona. Chida sichigamula chokha. Wogamula ndi munthu wodziwa amene waphatikiza zonse zimene wamva ndi kuona. Kuno kwathu tilinso ndi chida chathuchathu, MDAT, chimene Melissa Gladstone ndi anzake anachikonza ndi ana a m'midzi ya m'Malawi n'kuchisindikiza mu 2010. Chimaona kakulidwe ka ana aang'ono m'mbali zinayi: kuyenda ndi mphamvu za thupi, ntchito za zala, chilankhulo, ndi kukhala ndi anthu. Sichitchula autism, koma chimaonetsa pamene mwana ali.

Pamalo olemekeza munthu amakuuzani pasadakhale chimene chichitike, amalola kupuma, salimbana ndi mwana wodzigwedeza kapena woyendayenda, ndipo amalandira yankho lililonse, la pakamwa, la manja, lojambula kapena lolemba. Zikapanda kutha tsiku limodzi, amakupatsani tsiku lina.

Mwanayo ndimuuze kuti tikupita kuti?

Muuzeni zoona, mwachidule. Ine ndinati, “Tikupita kwa adokotala amene sabaya. Akufuna adziwe zimene umakonda ndi zimene zimakuvuta.” Musamuuze kuti akachite bwino kapena akakhale phee. Woyeza akufuna kuona mwana wa tsiku ndi tsiku, osati wa pa Khirisimasi.

Ana athu timawaphunzitsa kusayang'ana akuluakulu m'maso. Sadzati ndi autism?

Funso ili ndi lofunika kwambiri, ndipo ndimakondwa kholo likalifunsa. Zida zambiri zinapangidwa ku America ndi ku Ulaya, kumene mwana woyang'ana wamkulu m'maso ndiye waulemu. Kwathu mwana wolangika amagwada, amazyolika, salowerera nkhani za akulu, ndipo mlendo akamufunsa amayankha ndi mawu amodzi. Mwana wa ku Kasumbu amene sanaonepo zidole za m'sitolo akaziona koyamba angangoziyang'ana osazikhudza. Zonsezi si autism.

Woyeza wabwino amafunsa kuti mwanayo amatani akakhala ndi amsinkhu wake. Amachita nawo masanje? Amadziwa kudikira nthawi yake pa phada kapena pa fulaye? Akapanga galimoto ya mawaya amathamanga kukaonetsa wina? Akamayamwa ankayang'ana nkhope ya mayi ake? Pamenepo ndi pamene pamaonekera kusiyana. Ndiponso kuyeza kuchitike m'chilankhulo chimene mwana amalankhula pakhomo. Akayamba kumufunsa m'Chingerezi mwana amene amangomva Chichewa, lankhulani. Si mwano kunena kuti, “Pepani adokotala, kunyumba timalankhula Chichewa.”

N'chifukwa chiyani akufunsa za malungo, khunyu ndi makutu pamene ine ndabwerera khalidwe?

Chifukwa zinthu zambiri zimavala nkhope yofanana. Mwana wosamva bwino satembenuka mukamuitana ndipo amachedwa kulankhula, choncho kuyeza makutu kusadumphidwe, makamaka ngati anatulukapo mafinya. Ku Lilongwe kuli kiliniki ya makutu ya ABC, ndipo ku Queen Elizabeth amayezanso. Pali mtundu wa khunyu umene mwana sagwa, amangoti duu kwa masekondi angapo, aphunzitsi n'kumati akulota. Komanso khunyu limapezeka kawirikawiri mwa anthu a autism kuposa mwa ena.

Malungo okhudza ubongo nawonso amasiya zipsera. Kafukufuku amene anachitikira ku Blantyre n'kusindikizidwa mu 2010 anatsatira ana amene anachira ku malungo otere, ndipo anapeza kuti ena anayamba khunyu, ena anasintha khalidwe n'kukhala osakhazikika. Njala, kuchepa kwa magazi, kusagona, maliro a kholo, nkhanza pakhomo, zonsezi zingachititse mwana kusamvetsera m'kalasi. Woyeza akamafunsa zimenezi sakukuimbani mlandu. Yankhani zoona, ngakhale za mowa pa nthawi ya mimba kapena za ndewu m'nyumba.

Mwana aliyense amapulupudza. ADHD amaisiyanitsa bwanji?

Pali muyeso. Buku la DSM-5 lili ndi zizindikiro 9 za kusakhazikika kwa chidwi ndi zina 9 za kusakhala pansi ndi kupupuluma. Kwa mwana pamafunika zosachepera 6 m'gulu limodzi kapena m'magulu onse, kwa wa zaka 17 kupita m'tsogolo zosachepera 5. Zikhale zakhalapo kwa miyezi 6 kapena kuposa, zinayamba asanakwanitse zaka 12, zikuoneka m'malo awiri kapena ambiri, ndipo zikusokonezadi moyo wake. Mwana wovuta kusukulu kokha koma wokhazikika kumunda, kutchalitchi ndi pakhomo, mwina vuto ndi kalasi ya ana odzaza mpaka pakhomo, njala ya m'mawa, kapena maso osaona pa bolodi.

Dziwaninso kuti pali ADHD yopanda phokoso. Mwana amakhala phee, maso ali kwa aphunzitsi, maganizo ali kuphiri. Ameneyu sakwapulidwa kawirikawiri, amangobwereza kalasi, anthu n'kumati ndi wogona.

Mwana wanga wamkazi ndi waulemu ndipo amakhoza. Angakhale ndi autism?

Angathe. Anyamata amapezeka nayo kuchuluka katatu kapena kanayi kuposa atsikana, koma mbali ina ya kusiyanaku ndi yakuti atsikana ambiri saoneka. Amaphunzira kubisa. Amaonera anzawo mmene amasekera ndi mmene amaperekera moni, n'kumatengera ngati sewero. Tsiku lonse kusukulu amadzigwira, akafika pakhomo n'kuphulika ndi kulira pa kanthu kakang'ono, kapena kudzitsekera m'chipinda. Ndiye aphunzitsi amati palibe vuto, mayi n'kumaoneka ngati wonama. Mtsikana wachete kwathu timamuyamikira kuti ndi wamakhalidwe, ndipo kuyamikira kumeneku nthawi zina kumaphimba mwana amene akuvutika. Woyeza wodziwa amafunsa mtsikanayo payekha kuti kucheza ndi anthu kumamutopetsa motani, ndipo amakhulupirira zimene wanena.

Ndine wamkulu, ndili ndi banja ndi ntchito. Kuyezetsa kuli ndi phindu lanji?

M'gulu lathu muli bambo wina wa zaka za m'ma 40 amene amagulitsa mbatata ya kachewere. Anabwera chifukwa cha mwana wake, koma pomva mafunso amene adokotala ankafunsa za mwanayo, anati mumtima ankangoyankha za iye mwini. Anasiya sukulu ali Fomu 2 atatchedwa waulesi, mabizinesi anayambapo ambiri osawamaliza, ndipo mayi akunyumba anatopa ndi kuiwala kwake. Anatiuza kuti, “Azimayi ndi azibambo anzanga, zaka zonsezi ndinkadziona ngati munthu wopanda pake.” Analira pamaso pathu, munthu wamkulu.

Autism ndi ADHD sizitha munthu akakula. Akuluakulu pafupifupi awiri kapena atatu pa 100 ali ndi ADHD. Poyeza wamkulu, mwini wake ndiye mboni yoyamba. Amamufunsa za ubwana wake, za ntchito, ndalama, banja, tulo, mowa ndi fodya, nkhawa ndi kukhumudwa, poti zimenezi zimayendera limodzi kawirikawiri. Pali mafunso otchedwa DIVA-5 a ADHD ya akuluakulu. Angapemphe kucheza ndi kholo kapena mkulu wanu amene anakuonani muli mwana, koma ngati onse anatisiya, kuyeza kungachitikebe ndi zimene mukukumbukira. Zotsatira zake ndi zanu. Simukakamizidwa kuuza abwana kapena apongozi.

Ndinalakwa chiyani? Ndi katemera? Kapena anamulodza?

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene mabanja amapasukira. Simunalakwe. Kafukufuku wa mapasa ndi mabanja amaonetsa kuti gawo lalikulu, cha m'ma 70 mpaka 80 pa 100, limachokera ku chibadwa cha makolo onse awiri, osati mayi yekha. Kubadwa masiku asanakwane kapena ndi sikelo yochepa kwambiri kumawonjezera mpata. Leo Kanner atafotokoza za ana 11 oyamba mu 1943, kunabwera zaka zambiri zimene akatswiri ena ankanena kuti amayi ouma mtima ndiwo amayambitsa autism. Linali bodza, ndipo linazunza amayi ambirimbiri lisanatayidwe.

Mphekesera yakuti katemera amayambitsa autism inafala chifukwa cha nkhani imene Andrew Wakefield anasindikiza mu 1998 m'magazini ya madokotala ya The Lancet. Inapezeka kuti inali yachinyengo, magaziniyo inaichotsa mu 2010, ndipo chaka chomwecho iye analandidwa chilolezo cha udokotala ku Britain. Kafukufuku wa ana mazanamazana a zikwi sanapeze mgwirizano uliwonse. Zizindikiro zimangoyamba kuoneka pa msinkhu womwewo umene ana amalandira katemera wa chikuku. Pitirizani kubayitsa ana.

Za ufiti ndi zimene zimandiwawa koposa. Bambo a mwana wanga atagula njinga yamoto, kunamveka manong'onong'o akuti anakhwimira mwana, anamusandutsa ndondocha. Amalume anga anatiitanitsa. Sindinakangane nawo. Ndinawapempha kuti, “Amalume, mbumba ndi yanu, tiyeni limodzi mukamve nokha.” Anapita, anakhala kumbuyo chipewa chili pa bondo, anamva zonse. Pobwerera sananene zambiri, koma kuchokera tsiku limenelo iwo ndi amene amayankha anthu kumudzi. Ngati kwanu mawu omaliza ali ndi amalume, agogo kapena apongozi, musawasiye kumbuyo. Kupemphera sikuletsedwa, inenso ndimapemphera. Koma aliyense womanga mwana ndi chingwe, womumana chakudya kapena womutema mphini kuti atulutse chiwanda, mukanizeni.

Lipoti labwino limaoneka bwanji?

Muyenera kumuzindikira mwana wanu mukamaliwerenga. Linene zimene amatha ndi zimene amakonda, linene zovuta mosapsatira, litchule dzina la zimene apeza ndi zifukwa zake, kenako lipereke malangizo oti angatheke kuno, osati ofuna zipangizo za ku London. Pa autism angalembe mlingo 1, 2 kapena 3. Manambalawa akunena kuchuluka kwa thandizo limene akufunika panopa, sakunena za nzeru zake kapena tsogolo lake, ndipo angasinthe. Lipoti limalembedwa m'Chingerezi nthawi zambiri, choncho pemphani kuti akufotokozereni m'Chichewa musanatuluke, ndipo mawu amene akupwetekani afunseni. Chititsani fotokope, lenilenilo musunge mu pulasitiki.

Pali mankhwala?

Autism ilibe mankhwala oichotsa, ndipo wogulitsa ochiritsa autism akukuberani. Mankhwala angaperekedwe pa zinthu zoyendera nayo limodzi, monga khunyu kapena nkhawa yaikulu. ADHD ili ndi mankhwala amene amathandiza anthu ambiri, odziwika kwambiri ndi methylphenidate, amene ena amawadziwa ndi dzina lakuti Ritalin. Ndi mankhwala otetezedwa ndi lamulo, amalembedwa ndi dokotala yekha, ndipo womwa amayenera kupimidwa sikelo, msinkhu ndi kuthamanga kwa magazi pafupipafupi chifukwa amachepetsa chilakolako cha chakudya ndipo angasokoneze tulo. Kwa ana osakwana zaka 6, choyamba ndi kuphunzitsa makolo njira zolerera, osati mapiritsi. Kumwa kapena kusamwa ndi chisankho chimene mumapanga limodzi ndi adokotala, ndipo mwana wokulirapo afunsidwe mmene akumvera m'thupi.

Kusukulu lipotili lithandiza chiyani?

Pitani nalo kwa ahedi ndi aphunzitsi a kalasi, ndipo funsani ngati m'zoni mwanu muli mphunzitsi wa maphunziro apadera. Ambiri mwa iwo anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Lamulo la anthu aulumali la 2024, limene linalowa m'malo mwa la 2012, limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, ndipo maphunziro ali m'gulu la maufulu amene limateteza. Makolo a ana aulumali alinso ndi bungwe lawo la PODCAM.

Zimene zinathandiza mwana wanga sizinadye ndalama. Anamukhazika kutsogolo chakumbali, kutali ndi zenera. Aphunzitsi amamupatsa langizo limodzi, akamaliza n'kumupatsa lina. Akaona kuti wayamba kutekeseka amamutuma kukafufuta bolodi kapena kukapereka choko ku kalasi ina, kuti thupi liyende. Belu lisanalire amamuuza, iye n'kutseka makutu. Mayeso a MANEB akamayandikira, kambiranani ndi ahedi kudakali nthawi za thandizo limene angapemphe polembetsa.

Akatiuza kuti alibe autism kapena ADHD, ndiye kuti tapita pachabe?

Ayi. Funsani kuti, nanga chimene tikuonachi n'chiyani, ndipo tichite chiyani? Mwina apeza vuto la makutu, la chilankhulo, la kuwerenga kapena nkhawa. Nthawi zina amati n'kovuta kugamula panopa, mubwerenso pakatha miyezi 6 kapena chaka. Ngati mukuona kuti sanakumvetsereni, muli ndi ufulu wokaonana ndi wina, monga ndinachitira ine. Thandizo la kusukulu ndi la pakhomo lisadikire dzina.

Nanga tikatuluka m'chipindamo?

Yembekezerani kutopa, inu ndi iye. Ena amamva kupepuka, ena chisoni, ambiri zonse ziwiri tsiku lomwelo. Musakonze zokagula mu tauni tsiku limenelo, ndipo mawa lake ngati n'kotheka asapite kusukulu. Ife titakwera minibasi ku Lilongwe, mwana wanga anabisa mutu m'chitenje changa chifukwa cha wailesi, n'kugona mpaka pa Chimbiya. Atadzuka anapisa m'thumba kuwerenga zitsekerero zake, n'kupeza kuti zawonjezekera chimodzi chachikasu, mtundu umene analibe. Anachitembenuza kangapo, n'kundifunsa kuti, “Amayi, adokotala aja tidzapitakonso liti?”